Khutu la Rezki

"Tengani tiwiri tomweti, amalume," anatero Zoubir, akugogoda chikwere ndi chikhadabo. "Tizinkhwe sitivuta. Timadya chilichonse, sitidwaladwala, ndipo azakhali kunyumba apeza ocheza nawo."

Rezki anayang'ana pakamwa pa wogulitsayo mpaka atamaliza, kenako anaweramira chikwerecho. Munali tizinkhwe tiwiri, kena kobiriwira, kena kabuluu, tikutosana nthenga za m'khosi. Linali Lachisanu m'mawa ndipo msika wa mbalame wa ku El Harrach unali utadzaza kale. Amuna ankapanikizana ndi zikwere zokutira nsalu m'khwapa, ena atazikweza pamwamba pa mitu kuopa kugundidwa. Mbalame zinalipo mazanamazana, milomo ili yasa, makosi akunjenjemera. Koma kwa Rezki, msika wonsewo unkangomveka mawu a amuna ndi injini za mabasi.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi anazithera kudoko, akukhoma zitsulo za zombo. Ntchitoyo inamusiyira penshoni ndi makutu otha. Mawu a mwamuna ankawamva ndithu. A mkazi ankawatola pamilomo, mwini wake akamuyang'ana. Koma likhweru, belu la pakhomo, supuni yogwa pansi, zonsezo zinapita, ndipo mbalame zinapita nazo. Sanauze munthu. Akanayambira pati? M'dera lawo lonse la Bab El Oued, munthu akagula makinini, mbalame ya nkhope yofiira ija imene mwamuna wa ku Algiers amaikonda kuposa mchimwene wake, ankabwera nayo kwa Rezki kuti aimvere. Zaka zoposa makumi awiri ndiye ankaweruza mipikisano ya nyimbo zake. Ankamutchula Shehe, ngakhale kuti kumzikiti ankakhala mzere wakumbuyo.

Makinini wake womaliza anafa m'nyengo yozizira. M'mawa wa Lachisanu limenelo, pomupatsa khofi, mkazi wake Ghania anati, "Mukagule ya maso, bambo a Samira. Yokongola nthenga, yoti muziiyang'ana." Mawuwo Rezki anakwera nawo basi. Ndicho chifukwa chake anali ataima pa tizinkhwe, chipewa atachikokera kumaso, kutali ndi ngodya imene anzake ankasonkhana.

Dzanja linali litalowa kale m'thumba pamene wina anamumenya paphewa.

"Maso anga akundinamiza kodi? Shehe Rezki pa tizinkhwe?"

Anali Djilali, woyendetsa basi, amene windo lake linayang'anizana ndi khonde la Rezki, kanjira kopapatiza kali pakati. Anakulira limodzi awiriwa. Koma zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, Djilali anabweretsa mbalame yake yoyamba kumpikisano, ndipo Rezki, pamaso pa holo yodzaza, anati, "Iyi si mbalame, ndi chitseko chofuna mafuta. Ukaikazinge." Anthu anaseka, ndipo Djilali anakhala akutchedwa Chitseko mpaka imvi zinamera. Rezki nkhaniyo ankaikumbukira ngati nthabwala yabwino chabe.

"Ndikugulira mayi a kunyumba," anatero Rezki.

"Oo, ndi ta alamu. Ndimadabwatu." Djilali ankayankhula momveka, atamuyang'ana kumaso. "Pajatu munatiphunzitsa nokha kuti mbalame za m'nyumba zilipo zitatu. Kanari ndi wa kometera tsitsi, amangolira chimodzimodzi ngati makina osokera. Tizinkhwe ndi ta ana ndi agonthi. Makinini ndiye wa amuna. Ndaphonyapo?"

"Sunaphonye."

"Ndiye mukutaniranji pano? Zoubir, usachititse manyazi Shehe ndi zidole. Tulutsa uja wabisa uja."

Djilali anatembenuka, nanena china kwa wogulitsayo. Rezki anangoona msana wake. Zoubir anakanda m'mutu, anayang'ana kumbali, kenako anagwada natulutsa kunsi kwa tebulo kachikwere kokutira thaulo.

Atachotsa thauloyo, Rezki anaona mbalame ya makinini. Inali yamphongo, ya chaka chimodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Kufiira kwa nkhope kunadutsa diso, mapiko akuda bii ndi mzere wachikasu woyaka, mlomo wautali woyera. Inaima njo pakamtengo, osaopa anthu. Kuwala kutangoigunda, inadzigwedeza, inakweza mutu, niyamba. Khosi linatupa n'kumagunda. Thupi linkapendekera uku ndi uku. Rezki anawerenga chamumtima. Anafika makumi awiri mbalameyo isanapume.

Djilali anatsinzina, dzanja lili pachifuwa. "Mukumva zimenezo, Shehe?"

Anthu oyandikira anatembenuka. Bambo wina amene ankadutsa ndi chikwere anachikulunga m'jekete mwachangu n'kuthamanga. Rezki anaganiza kuti wathawa manyazi.

"Yakhwima," anatero. "Mpweya ili nawo."

"Mpweya wokha? Nanga potsikira paja?"

"Ndamva. Sindine mwana."

Zoubir anasendera pafupi. "Amalume, kanari ndili nayenso wabwino. Ganizani kaye. Kanari sanamiza munthu."

"Ndinayamba kuweta makinini iwe ukuyamwa," anatero Rezki. "Tchula mtengo."

Mtengo umene Zoubir anatchula unali wotsika kwambiri, ndipo ndalamazo anazilandira akuyang'ana pansi. Rezki anaganiza kuti ndi ulemu. Ulemu wotere anali atauzolowera.

Anafika kunyumba Ghania akufikisa khusikhusi wa Lachisanu, chakudya cha timibulu ta ufa wa tirigu, m'mbale yaikulu yamtengo. Anapachika kachikwereko pamsomali wakale pafupi ndi windo, nachotsa thaulo. Mbalameyo sinachedwe. Manja a Ghania anaima m'mbale.

"Imeneyi ndiye mwagula?"

"Ukuiona bwanji?"

"Kukongola ndiye yakongola." Anapukuta manja, nabwera kudzaima patsogolo pake kuti amuone pakamwa. "Koma ikulira ngati akunola mpeni, bambo a Samira. Ikatero ikumatsekera ngati mpheta za padenga."

"Mpeni."

"Ndikunena zimene ndikumva. Wakusankhirani ndani?"

"Ndasankha ndekha."

"Djilali analipo?"

Rezki anamenya tebulo mpaka mbale inadumpha. "Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi m'nyumba ya makinini, khutu lako likadali la bulu. Iwe chimene umadziwa n'kulira kwa poto. Kwanu kumapiri mbalame mumaizindikira ili kale m'mbale. Lero ukufuna kundiphunzitsa ine?"

Ghania anamuyang'ana kumaso. Kenako anayankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha, kuti lisamuphonye. "Chosamva anachiphikira m'masamba." Anabwerera kumbale yake, ndipo za mbalameyo sanazitchulenso.

Sabata imeneyo Rezki anakhala munthu wina. Ankadzuka m'mamawa kusintha madzi, kupepeta njere, kuika kachidutswa ka apulo pakati pa mawaya. Ankakoka mpando n'kukhala pansi pa chikwerecho. Mbalame ikayamba, ankagunditsa nsonga ya chala pawaya, ndipo kunjenjemera kwake kunkakwera m'dzanja mpaka m'chigongono. Pamenepo nyimbo zonse zakale zinkabwera m'mutu mwake, zoyera ngati madzi, ndime ndi ndime, monga ankazimvera ali mnyamata m'mitengo ya kumtunda kwa mzinda. Tsiku lina kukayika kunamugwira, atakumbukira nkhope ya Zoubir. Koma anayang'ana khosi lija likugunda, n'kudziuza kuti mbalame yoima chonchi singalire zoipa.

Lachitatu Djilali anamuimitsa pakhomo la wophika buledi. "Anthu akundivutitsa, Shehe. Onse akufuna kuimva. Lachisanu tikatuluka kumzikiti mubwere nayo kukantini. Mudzatimasulire monga kale. Achinyamatawa sanakuonenipo mukuweruza."

Lachisanu litafika, Ghania anamusitira malaya oyera ndi kumupukutira nsapato. Anamugwirira chitseko potuluka, chifukwa manja onse anali pachikwere. 

Kantini ya khofi ya pakona inali ndi misomali khumi ndi iwiri kukhoma, ndipo Lachisanu lililonse msomali uliwonse unkakhala ndi chikwere chake. Tsiku limenelo yonse inali yopanda kanthu. Koma amuna analipo ambiri kuposa masiku onse, ena ataimirira, madomino amene ankasewera aja atasiyidwa m'bokosi.

"Zanu zili kuti?" anafunsa Rezki.

"Ndani angayatse kandulo dzuwa lili pamutu?" anatero Djilali. "Khalani apa, Shehe. Wina abweretse khofi wa Shehe."

Anaika chikwere pakati pa tebulo. Thaulo itachoka, mbalameyo inayamba nthawi yomweyo. Rezki anaona ena akuluma milomo, wina akubisa nkhope m'chipewa. Nkhalamba ina inadzuka n'kutuluka ikupukusa mutu. Koma Djilali anali atayamba kale kuyankhula.

"Inu achinyamata simudziwa. Shehe akamaweruza sayang'ana mbalame. Amati diso ndi wakuba, limabera khutu. Amatsinzina. Si choncho, Shehe?"

"Ndi choncho."

"Tsinzinani ndiye. Titchulireni ndime iliyonse ikamadutsa."

Rezki anayang'ana nkhope zomuzungulira. Panalibe pothawira. Anatsinzina. Mumdimamo munalibe kanthu, koma mipando yokhulana ndi munthu wina amene ankatsokomola.

"Yayamba," anamva mawu a Djilali.

Rezki anakweza chala monga ankachitira kale. Anawerenga chamumtima, potsata mmene anaionera sabata yonse. "Polowera pake mpabwino," anatero. "Yalowa mofatsa. Apa ndi mikanda. Tamvani mmene ikuidulira, umodzi umodzi. Tsopano ikukwera."

"Ikukweradi."

"Awa ndi mathithi. Ochepa amene amafika apa osapuma. Nyimbo iyi ndi ya kumapiri, yakale. Masiku ano simungaipeze." Mawu ake anali atalimba. Ankaimvadi tsopano, m'kati mwa mutu. "Ndipo potsekera, belu. Katatu."

"Kangati, Shehe?"

"Katatu."

Kuseka kwa amuna kumachokera m'chifuwa, choncho Rezki anakumva konse. Anatsegula maso. Pamene panali chikwere panali ketulo ya tiyi. Chikwerecho chinali kunja, tsidya lina la msewu, pamwamba pa galimoto ya munthu wina, atachivundikira ndi thaulo yake yomwe.

Ena ankamenya matebulo. Wina anagwa pampando. Mwini kantini ankapukuta misozi ndi nsalu ya mbale. Djilali yekha sankaseka. Anakoka mpando nakhala moyang'anizana naye, pafupi kwambiri.

"Ketulo iyi ili ndi mathithi abwino," anatero. "Ndipo belu katatu."

Rezki anayang'ana ketuloyo, Djilali n'kupitiriza.

"Mukuganiza kuti sitinkadziwa? Zaka ziwiri tsopano. Timakuimbirani likhweru kumbuyo, inu osatembenuka. Ana a m'kanjira amabetcherana. Chaka chatha munthu anakubweretserani mbalame, munagwedeza mutu kuti ndi yabwino, anapita nayo ku Blida, anakamuseka mpaka anabwera osadya. Inu mukungoyendabe pachifuwa, Shehe, Shehe." Analoza kunja ndi chibwano. "Imene ija inakulira m'shopu ya wonola mipeni, pansi pa denga lodzaza mpheta. Zoubir wakhala nayo miyezi inayi, ngakhale waulere anthu amaikana. Yanga ija munati chitseko. Chitseko n'chabwinoko, amathira mafuta chimaleka."

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Djilali," anatero Rezki. 

"Mlandu suola. Mkazi wanga anamwalira anthu akumutchula mai Chitseko. Pamaliro pomwe wina analakwitsa n'kunena choncho." Anadzuka. "Tengani chinthu chanucho. Ndipo mukamve bwino, ngati mungathe. Ndili ndi tiana tisanu ndi kamodzi pawindo, tili pa msinkhu wotola nyimbo. Sindikufuna tizimva zonyansazo. Mukafika mukaipotole khosi, kapena mukaikazinge. Mwambi wake ndi wanu womwe."

Rezki anawoloka msewu, anatsitsa chikwere pagalimoto paja. Palibe anamutsatira. Njira ya kunyumba inali ya mphindi zisanu, koma anazungulira kumunsi kwa msika wa ndiwo kuti asadutse pamaso pa anthu omudziwa. Kumeneko nakonso wogulitsa nsomba wina anamuona n'kugwira khutu lake akumwetulira.

Ghania anali atakhala pakhonde akusenda nandolo. Anayang'ana nkhope ya mwamuna wake, kenako malaya oyera aja, amene anali atanyowa m'khwapa.

"Unadziwa," anatero Rezki.

"Ndinakuuzani."

"Kamodzi."

"Kamodziko ndinalandira bulu. Kachiwiri ndikanalandira chiyani?"

"Unandisitira malaya."

"Ndimasita Lachisanu lililonse."

Rezki anaika chikwere patebulo, natsegula kachitseko. Mbalameyo inali itamuzolowera, sinathawe kwambiri. Anaigwira m'dzanja, mutu uli pakati pa zala ziwiri. Inali yotentha, yopepuka ngati mpira wa thonje, ndipo kamtima kake kankagunda pachikhatho. Anaika chala chachikulu pakhosi. Ghania anasiya nandolo koma sanadzuke.

Ali chiimire choncho, maso ake anadutsa pakhonde n'kugwera tsidya lina la kanjira. Windo la Djilali linali lotsegula, pamtunda woti munthu angaponye buledi mnzake n'kuwakha. Pamenepo panali chikwere chachitali, ndipo m'katimo tiana tisanu ndi kamodzi, timitu tikadali totuwa, tisanamere kufiira. Pambali pake panali kachikwere ka makinini wokalamba, mphunzitsi wa tianato, amene nthenga zinali zitayamba kuthothoka. Rezki ankadziwa zimene aliyense woweta amadziwa. Kamwana ka makinini kamatola chimene kamva kwambiri, ndipo chikalowa sichituluka.

Anachotsa chala pakhosi. Anabwezera mbalameyo pakamtengo kake n'kuithirira njere zatsopano.

"Djilali amanyamuka nthawi yanji?" anafunsa.

"Akangotha mapemphero a m'bandakucha. Mukufunsiranji?"

"Nanga kubwera?"

"Dzuwa litapendeka." Ghania anatsatira maso ake mpaka pawindo lija, ndipo anamvetsa. "Ayi, bambo a Samira."

M'mawa mwake Rezki anaima kuseri kwa katani mpaka anaona Djilali akutsika kanjira ndi chikwama chake cha kuntchito. Anakhoma msomali watsopano kunsonga kwenikweni kwa khonde, napachikapo chikwere. Dzuwa litangoigunda, mbalameyo inatupitsa khosi. Inali yamphamvu, yodya bwino, ndipo sinkatopa. Mphunzitsi wokalamba uja ankayamba, n'kulekera panjira. Rezki anaona timitu totuwa tija tikupendekera mbali ya khonde lake. Masana atapita, anatsitsa chikwere, nachilowetsa m'chipinda cham'kati, nachivundikira.

Anachita choncho tsiku lachiwiri, lachitatu, sabata yonse. Kukantini sanapitenso. Kumzikiti ankapita wa dera lina. Buledi ankagula Ghania. Ntchito yake inatsala imodzi yokha, ndipo ankaigwira mosamala kuposa mmene ankakhomera zombo. Ankaipatsa mbalameyo dzira lophika ndi njere zonona kuti izilira kwambiri. Lachisanu, Djilali akakhala pakhomo, inkaswera mumdima.

"Tiana timene tija ndi tokhato tamutsalira," anatero Ghania tsiku lina, ataima pakati pa iye ndi khonde. "Chimwalirireni mkazi wake Ouarda, munthu uja amadya yekha. Amaweruka n'kukhala pawindo kumayankhula nato ngati anthu. Anatilera ndi kamtengo ka machesi, kutidyetsa kamodzikamodzi. Ndinkamuona."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa, ndiye?"

"Iwe uzingondiuza tikayamba."

"Ndi khutu la bulu?"

"Ndi lomwelo."

"Anakulakwirani, sindikukana. Koma munayamba ndinu. Mupite mukamutukwane, mukamumenye ngati mukufuna. Tianato talakwa chiyani?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero Rezki. "Choka, ukuitchinga dzuwa."

Ghania sanamuuze kanthu, koma sizinafunike. Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chitatu, akuyanika zovala pachingwe cha pakhonde, anaima mwadzidzidzi, malaya onyowa ali m'manja, madzi akudonthera kumapazi. Mbalame ya Rezki inali chete nthawi imeneyo, ikudya. Koma tsidya lija tikhosi titatu tinkagunda. Ghania anatseka maso. Rezki anayang'ana nkhope yake ndipo anadziwa kuti tiana tija tatola nyimbo ya mbalame yake.

Anapitirizabe masiku ena asanu ndi anayi, kuti tonse tikhwime nayo. Djilali ankafika atatopa, nthawi imene mbalame zimakhala zitayamba kufatsa, ndipo kulira kosokonekera kwa tiana ankakuyesa chibwana cha pophunzira. Lachisanu lotsatira Rezki sanabise chikwere. Anachipachika m'mamawa, anakoka mpando, nakhala pansi pake ndi khofi.

Windo la tsidya lija linatseguka lonse. Djilali anatulutsa mutu, ali ndi malaya am'kati okha. Anayang'ana chikwere cha Rezki, anayang'ana tiana take. Anaima choncho nthawi yaitali, mutu uli chopendekera, akumvetsera. Kenako anasowa pawindo, ndipo posakhalitsa anatulukira m'kanjira, wopanda nsapato.

"Rezki," anaitana. Sananene Shehe. "Rezki, tsika."

Mawindo ena anayamba kutseguka. Amayi anasuzumira, manja ali ndi ufa.

"Tonse, Rezki. Tonse tisanu ndi kamodzi. Miyezi itatu ndikudzuka kutidyetsa. Kamodzi kaja ndinakatcha dzina la Ouarda." Kumaso kwake kunali konyowa. "Ine ndinakuseka tsiku limodzi. Tsiku limodzi lokha. Unakulira nane, iwe. Mayi ako ankandipatsa chakudya. Wachitiranji zimenezi?"

Anali mawu a mwamuna, ndipo m'kanjira mopapatiza chonchija ankakwera bwino. Rezki anamva liwu lililonse. Anamwa khofi wake, anaika kapu pansi, nayedzamira chitsulo cha khonde. Anaika dzanja kuseri kwa khutu.

"Ukuti chiyani?" anafunsa mokweza, kuti kanjira konse kamve. "Kweza mawu, Djilali. Ine ndine gonthi."

Palibe anaseka.  Djilali anatembenuka n'kulowa. Mawindo anatsekedwa limodzilimodzi.

Kutacha, pawindo la Djilali panatsala kachikwere ka mphunzitsi wokalamba yekha. Chikwere chachitali chija chinali pansi, pambali pa migolo ya zinyalala, chopanda kanthu. Amphaka awiri ankakanganirana kathumba ka pepala, ndipo nthenga zotuwa zinkauluka m'kanjira.

Ghania anabweretsa khofi ndi buledi, naziika patebulo. Rezki anafunsa ngati mafuta a azitona atha. Ghania anali atatembenukira kale kukhitchini. Rezki anaona nsagwada yake ikugwedezeka, ndipo anadziwa kuti wayankha.

"Tembenuka, sindikuona pakamwa."

Ghania anayankhanso, ali chifulatire, n'kulowa.

Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse chimene Ghania ankanena kwa mwamuna wake ankachinena atayang'ana kukhoma. Chakudya chinkafika pa nthawi yake, malaya ankasitidwa. Mwana wawo Samira akaimba foni kuchokera ku Oran, Ghania ankacheza naye nthawi yaitali, akuseka, nkhope ili kuwindo, ndipo akamaliza ankaika foniyo m'thumba la epuloni. Rezki ankakhala pakhonde ndi mbalame yake. Inanenepa, kufiira kwa nkhope kunawala kuposa kale, ndipo inkalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.